Khutu Lotsala la Mlongo Wanga

Ine ndinaphunzira kuwotcherera zitsulo ku koleji ya ntchito zamanja, pamene mlongo wanga wamng'ono anaphunzira kwa malemu bambo athu. Tinkagwirira ntchito malo amodzi pafupi ndi malire a Mwanza, kukonza mathiraki opita ku Zobue, koma sitinkamvana pa nkhani ya chotchinga kumaso. Iye ankadalira cha bambo, thabwa logwira pamanja lokhala ndi kagalasi kakuda pakati. Akagona chagada pansi pa thiraki, ankapendeketsa mutu monga ankachitira bambowo, kuti moto usamugwere kumaso. Khutu ndilo linkaloza kumwamba.

Tsiku lina masana dontho la chitsulo chosungunuka linagwera m'khutu lake lakumanzere. Anadzambatuka n'kumenyetsa chipumi pachitsulo, magazi n'kudzaza m'maso, ndipo anayamba kudzikhadzula khutulo ndi zikhadabo. Nditamukoka miyendo, anandimenya ndi chidendene pakamwa, dzino langa lakutsogolo n'kuthyoka. Dalaivala wa thirakiyo anamupanikiza manja, ine n'kumugwadira pachifuwa, fungo la mnofu wopserera lili guu. Kuchipatala anatiuza kuti khutulo silidzamvanso.

Iye ali chigonere, ndinakwera minibasi ya ku Blantyre kukamusankhira chisoti chovala powotcherera. Wogulitsa anandionetsa zonyezimira, koma ndinazikana, pakuti zinali zotseguka pamwamba ndi m'mbali, zoyenera munthu wowotcherera ataimirira. Ndinkafuna chophimba liwombo ndi makutu, chosalala kuti madontho azitsetsereka, chokhala ndi chikopa chofika m'khosi. Ndinayala chitenje pansi m'sitolo momwemo, ndinagona chagada, n'kumapukusa mutu kuti ndione ngati lamba wake agwira. Anthu anaseka. Ziwiri zinavuka, chachitatu sichinasunthe, ndipo ndinagula chomwecho.

Atachira, ndinamupeza pansi pa thiraki ndi thabwa lomwe lija, khutu lakumanja lili m'mwamba.

"Achimwene, tulukani muvale ichi," ndinatero.

"Achemwali, m'potomo ndiphikika ndi thukuta. Bambo anakalamba osavala zimenezo."

"Bambo anakalamba tikuchita kuwakuwira kuti amve. Tulukani."

"Za kukoleji zanuzo kaphunzitseni ena."

Ndinazimitsa makina, ndinamulanda thabwalo, n'kuliphwanya ndi hamala kufikira galasi lija litasanduka mchenga. Anatuluka n'kundigwira pakhosi. Sindinabwerere m'mbuyo. Ndinakweza hamalayo ndi kumuuza kuti ndimuswa zala, pakuti munthu wopanda zala salowa pansi pa thiraki. Ndikanachitadi. Iye anaona zimenezo pankhope panga, ndipo anandisiya.

Anavala chisoticho akutukwana, mawu akumveka ngati ochokera mu mgolo. Sabata yomweyo ndinachiyang'ana iye atapita kukadya. Chikopa cha mbali yakumanja, pakhutu penipeni, chinali ndi zipsera ziwiri zakuda zosafika mkati. Sindinamuonetse. Anatha miyezi iwiri osandilankhula, koma ndikamuitana ndili kumanja kwake ankatembenuka.