Bulangeti Lanu pa Mbande za Mapopi

Achimwene, lero ndadutsa ku Brooklyn, kuno kutheba, pageti paja munkagwira ntchito ya m'gadeni, ndapeza mapopi achita maluwa. Eish, mtima wangowira. Mukukumbuka Juni uja? Munafesa njere m'mathireyi, zitangomera chisanu chinavuta, inu n'kutenga bulangeti lanu lokhalo kukafunditsa mbandezo. Ndinakukalipirani, "Mukutsokomola chonchi, mufunda chiyani?" Munangoseka, "Iwe, tianati sitingapirire, ine ndine wamkulu."

Chibayo sichinaone zaukuluzo. Maluwa anakongola mu Ogasiti, inu muli m'bokosi paulendo wa ku Dedza. Adona munkawagwirira ntchito aja sanathyole ngakhale duwa limodzi loti tikuikireni. Anangondifunsa ngati ndikudziwa Mmalawi wina wodziwa kuthirira. Mpaka lero ndikadawakwiyirabe, ndipo nanunso sindinakukhululukireni. Bulangeti lija linali lofunda inu, Achimwene.