Kalembera Anandipeza M'chikuta

Mwana wanga wachitatu anabadwa Lamulungu m'mawa, chaka chimene tinkasankha makhansala koyamba chibwerereni zipani zambiri. Anali wamwamuna, wochepa thupi koma wa mawu. Ndinachirira pakhomo, m'manja mwa apongozi anga, kumudzi kwa amuna anga m'mapiri a ku Ntchisi. Ine kwathu ndi kwa Dzoole. Ku Ntchisi ndinapita chitengwa bambo a amuna anga atamwalira, munda wa fodya utasowa wousamala, ndipo pa nthawiyi ndinali ndisanathe chaka pamudzipo.

Kumeneko mayi akachira sankatuluka m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa. Ndicho chikuta. Ololedwa kulowa anali amayi achikulire okha, amene timati ozizira, oti za m'banja anasiya. Anthu otentha sankakhudza mwana kapena mayi, kuopa kuti khanda lingatupe. Ngakhale amuna anga ankandipatsa moni ali pawindo. Apongozi ndiwo ankalonda pakhomo, ndipo ankayang'ana mchombo kangapo pa tsiku, chifukwa wa mwana wamwamuna suyenera kugwera pamalo osayenera.

Lachitatu masana ndinamva odi wa mawu amene ndinkawadziwa kuyambira ndili wamng'ono. Anali mayi amene anandiphunzitsa sitandade fili kwa Dzoole, amene anagwira dzanja langa mpaka ndinadziwa kulemba dzina. Atapuma ntchito anabwerera kwawo, mudzi woyandikana ndi wa amuna anga ku Ntchisi, ndipo tinkapemphera limodzi Lachinayi lililonse. Anali amasiye, choncho apongozi anawalola kulowa.

Tonse tinkadziwa kuti Aphunzitsi akufuna kuyima pa ukhansala, paokha, opanda chipani. Lamulo linkati woyimayo apeze anthu khumi olembedwa m'kaundula wa dera lomwelo, asayine pepala lake. Abambo ambiri ankawalonjeza pamaso, koma tsiku likamayandikira ankayamba kukanda m'mutu. Ine ndinali nditawauza kalekale kuti dzina langa likhala loyamba.

Atamuyamikira mwana, anati, "Mwananga, tandionetsa chiphaso chako cha voti."

Ndinachitulutsa m'buku la nyimbo momwe ndinkachisunga, chosapindika ngakhale pakona. Anavala magalasi, anachiyang'ana, kenaka anandiyang'ana ine.

"Ichi ndi cha kwa Dzoole."

"Eya, ndinalembetsa kumeneko tisanasamuke."

"Sunasinthitse?"

"Kusinthitsa bwanji, Aphunzitsi? Nkhope ndi yanga yomwe."

Musandiseke. Ife tinakula ndi khadi ya chipani ya masiku akale. Imene ija ukakhala nayo unkalowa nayo pamsika uliwonse, unkakwera nayo basi iliyonse, ku Dowa kaya ku Ntchisi, palibe ankafunsa kumene unaigula. Ndiye ine ndinkaona ngati chiphasochi ndi chimodzimodzi, ndi pepala la boma, lipita kumene mwini wake wapita. Sindinkadziwa kuti dzina limatsala m'buku la kumene unalembetsa, mpaka utakalisamutsa wekha.

Aphunzitsi anati kalembera atseka Lachisanu folo koloko, kusukulu ya kuseri kwa phiri. Akatseka basi, sindikanasayina pepala lawo, ndipo voti ya khansala wa kunoko sindikanaponya.

"Amuna ake apite nacho," anatero apongozi.

"Salola, amayi. Amafuna mwini wake aonekere."

"Ndiye adikire mchombo."

"Iwo sadikira mchombo."

"Nanenso sindidikira iwo," anatero apongozi, n'kuyamba kupinda matewera.

Aphunzitsi sanakangane nawo. Anandisisita paphewa n'kunena kuti ndisadandaule, mwana ndiye woyamba, wakhumi apezeka. Koma ndinaona mmene anabwezera magalasi m'chikwama, pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti wakhumiyo analibe.

Lachinayi lonse ndinakhalira kupemphera. Sindinapemphe zazikulu. Ndinkangoti, Ambuye, Inu amene munagawa nyanja, kamchombo aka sikangakuvuteni. Ndikatsegula kansalu n'kupeza kali pomwepo, kouma, kakuda, koma kogwira. Apongozi anandipeza ndikusuzumira kachisanu.

"Ukakayang'anitsitsa kachita manyazi," anatero. "Kodi pepala limeneli lakulowa mumtima chonchi?"

Ndinati, "Amayi, dzina limene akufunalo anandipatsa ndi iwowo. Ndinkalemba chammbuyo, anzanga n'kumaseka. Iwo ankatsala nane ena ataweruka. Sanandipemphepo kanthu chiyambire."

Anatenga mwana n'kumuyika pamiyendo. Kenaka anayamba kulankhula ngati akuuza khandalo.

"Atate ako awa ndinawagulira khadi ali m'mimba. Anyamata a chipani anandiyimitsa pachipata cha msika, dengu la nyemba lili pamutu. Ndinaonetsa yanga. Akuti, nanga ya uyo ali m'katiyo? Ndinasiya nyemba pomwepo." Anaseka pang'ono, koma osati kuseka kwenikweni. "Mapepala otikakamiza tinkawathamangira ndi mimba. Lero papezeka lina loti munthu akulifuna yekha."

Anathera pomwepo.

Lachisanu kutacha mchombo unali usanagwe. Ndinamva apongozi panja akuuza amuna anga kuti asiye kuthirira nazale, amange ng'ombe pangolo, ayalemo mphasa ndi bulangete. Anatumanso uthenga kwa Aphunzitsi. Atafika, apongozi anawalangiza ngati mwana wa sukulu.

"Mwana satuluka. Mukhala naye inu, poti ndinu ozizira. Maso pamchombo. Ukayamba kulendewera mugoneke chammbali. Mukalephera apa, za ukhansala muiwale, simungasunge dera."

"Ndamva, amayi," anatero Aphunzitsi, akusamba m'manja.

Ndinamuyamwitsa mpaka anagona, ndipo tinanyamuka. Apongozi anandifunditsa chitenje kumutu n'kukhala pambali panga ndi kandodo. Njira ya kumapiri kuja ndi yamiyala, ndipo thupi langa linali likadali laliwisi. Paliponse pamene ngolo yagunda ndinkaluma mlomo. Amuna anga ankatembenuka kawirikawiri.

"Yang'ana ng'ombe, iwe," ankatero mayi awo. "Mkazi wako ndamugwira ine."

Tikakumana ndi anthu, apongozi ankayamba ndiwo kulankhula tisanafike. "Moni wa pakamwa, abale, manja ayi. Ali m'chikuta uyu." Amayi ena anaima ndi mitolo ya nkhuni pamutu kutiyang'ana mpaka tinapota. Ndinadziwa kuti nkhaniyi ifika kumudzi ife tisanabwerere, ndipo wonenedwa sakhala ine, akhala apongozi.

Kusukulu tinapeza mzere wautali, poti anthufe timakonda tsiku lomaliza. Apongozi anatsika n'kupita kutsogolo, ndipo sindikudziwa zimene ananena, koma mzere unapatuka wokha ngati mpanda wagwa. Kalaliki anali bambo wachinyamata wa tayi. Anatambasula dzanja kuti alandire chiphaso.

"Ayi, achimwene," anatero apongozi. "Aike patebulo, inu mutole."

Anatiyang'ana, kenaka anamwetulira. "Kwathunso amatero, agogo. Mwana ndi wamasiku angati?"

"Asanu. Lembani msanga, mabere akudzaza."

Anakopera zonse, anafunsa mudzi ndi mfumu, kenaka anakankhira kwa ine kabokosi ka inki yodindira chala. Ndinati ndimalemba. Anagoneka cholembera patebulo mwaulemu, ine ndinatola. Ndinalemba dzina langa, ndipo zilembo zonse zinayang'ana koyenera.

Pobwerera mkaka unali utanyowetsa bulauzi. Ndinamva kulira kwa mwana tili kumunsi kwa khola. Apongozi sanandilole kuthamangira m'nyumba. Anandisambitsa kaye kuseri ndi madzi ofunda a masamba awo, ine m'mtima ndikunena Atate Wathu, poti aliyense anali ndi zake zotetezera mwanayo.

M'nyumba tinapeza Aphunzitsi atakhala pamphasa, thukuta lili kamukamu, akuyimbira khanda nyimbo ya sitandade wani. Pambali pawo panali kampango kopindidwa bwino.

"Mchombo wagwa dzuwa lili pamutu," anatero. "Wagwera kumbali. Ndinaugwira ndi dzanja langali."

Apongozi anatsegula kampangoko, anayang'ana, anamuvundukula mwana n'kumuyang'ananso. Kenaka anati, "Pepala lanu lija, wodinda chala amaloledwa?"

Tsiku losayina litafika, dzina langa linakhala loyamba monga ndinalonjezera. Chala cha apongozi chinali chachiwiri, ndipo amuna anga, amenenso ankakanda m'mutu, anasayina pachitatu mayi awo ataima kumbuyo kwawo. Khumi anakwana.

Aphunzitsi sanapambane. Anapambana bambo wina wa chipani amene anali ndi galimoto ndi zitenje. Koma chithunzi chawo chinali papepala loponyera voti, atavala magalasi omwe aja, ndipo ine ndinachonga pambali pake mwana ali kumsana.

Mwanayo sanatupe, Mulungu alemekezeke. Anthu ananena ndithu, ena mpaka kumaliro, kuti gogo uja watayitsa mwambo. Apongozi akamva ankangoti, "Mwana anatuluka? Sanatuluke. Wotentha anamukhudza? Sanamukhudze. Ndiye mwambo wake uti?" Onse awiri anatisiya tsopano, iwo ndi Aphunzitsi, ndipo ndimawatchula pamodzi ndikamathokoza. Chiphaso chija chikadali m'buku la nyimbo, pakona pali kadontho ka mkaka.