Mwamuna Aligone

Chaka chimene fakitale ina ku Makata inachepetsa antchito, amuna anga anali m'gulu la ochotsedwa. Tinkachita lendi ku Soche, ine ndikusoka zovala pakhonde. Lamulo lawo linali limodzi: amayi awo asamve. Ankati nkhalamba ingadwale nazo, koma ine ndinkadziwa kuti ndi manyazi basi. Mwana woyamba kubadwa, amene amayi ake ankamunyadira kutchalitchi konse ku Nancholi, amveke kuti akungoswera pakhomo?

Lachiwiri lina m'dzinja, chakum'mawa, tinamva odi kumpanda. Mawuwo tinawadziwa tonse. Amuna anga anatola nsapato zawo n'kuthawira kuchipinda.

"Uwauze kuti ndili kuntchito," anandinong'oneza, n'kudzitsekera.

Ndinawalandira apongozi anga, ndinagwada, tinalonjerana. Iwo anayala chitenje pakhonde mwa munthu amene sakuchoka msanga. M'nyumba munalibe ndiwo, ndiye ndinatenga lichero kupita kuseri kwa bafa, kumene chisoso chinkamera chokha. Ine ndinakulira m'tauni, ndiwo ndinazidziwira pamsika wa Limbe zitamangidwa kale m'mipukutu. Chimene ndinkadziwa n'chakuti chisoso chili ndi duwa loyera, pakati pachikasu. Ndinathyola chilichonse cha duwa lotero mpaka lichero tho.

Pobwerera ndinamva phokoso lochokera kuchipinda. Munthu uja, m'malo mokhala chete ngati wobisala, anali atagona, akuliza mkonono ngati chigayo. Ndinathamangira wailesi n'kukweza nyimbo za kwaya mpaka makapu kunjenjemera. Apongozi anandiyang'ana, ine ndinati ndimakonda Mulungu.

Tinakhala pansi kuti tisadzule. Iwo anatola nthambi imodzi, kuitembenuza, kuinunkhiza.

"Apongozi," anatero, pakuti nawonso ankanditchula choncho, "uyutu mwamuna aligone."

Ndinangoti basi, mkonono uja aumva. Kenaka unabwera mkwiyo, ndipo ine ndikapsa mtima pakamwa sipakhala chitseko.

"Ee, aligonedi, amayi. Nanga atani? Ntchito inatha, si iwo anaithetsa. Ayenda Makata yense, Limbe yense, nsapato zatha zidendene. Abwera miyendo itatupa, ndiye asagone? Munthu akagona pakhomo pake walakwira ndani? Ngati mwabwera kudzawaseka, yambani mwaseka ine, chifukwa ndine ndikuwadyetsa ndipo sindinadandaule kwa munthu."

Ndinalankhula zambiri, zina sindingazilembe. Apongozi anali akadali ndi kanthambi kaja m'manja. Kwaya inamaliza nyimbo, ndipo m'kamphindi kachete kaja mkonono unamveka bwinobwino, wautali, wokhala ndi kamluzu kumapeto.

"Ine ndimanena ndiwozi," anatero pang'onopang'ono. "Dzina lake ndi mwamunaaligone. Si chisoso ichi."

Ndinalakalaka simenti ya pakhonde itang'ambika ndilowemo pamodzi ndi makina anga osokera. Iwo sanaseke, ndipo mpaka lero ndimawakondera chimenecho. Anafufuza m'lichero n'kupezamo nthambi imodzi ya chisoso chenicheni, imene inalowamo mwangozi, n'kuziika ziwirizo pabondo panga. Chisoso tsamba lake limagawika patatu, duwa n'lokulirapo, ndipo likauma limasiya timinga takuda tija tomata pachitenje. Chinacho tsamba ndi limodzi, lofewa, timaluwa tating'ono ngati mitu ya mapini anga. Anati amayi awo, amene anachokera ku Mozambiki, ankati dzinalo linabwera chifukwa ndiwozi sizichedwa kupsa, umathyola, kuphika, kuphula, mwini nyumba asanadzuke. Kaya n'zoona kaya ankangocheza, koma zonse ziwiri zimadyedwa.

Apongozi anapitiriza kusadzula. Anafunsa funso limodzi lokha, kuti ntchitoyo inatha liti. Nditawauza kuti chimanga chisanadzalidwe, anagwedeza mutu.

Tinaphika ndi tomato ndi nsinjiro. Fungo ndi limene linadzutsa munthu wanga. Koma nzeru za amuna! Anatulukira pawindo la kuchipinda, kuzungulira kuseri, n'kulowera kumpanda atavala tayi, chikwama m'manja, tsaya lili ndi mizere ya pilo, thalauza yonse yadzaza timinga ta chisoso.

"Aa, amayi, mwabwera? Ife atiwerutsa msanga lero, magetsi azima kufakitale."

Ine ndinayang'ana mumphika. Apongozi anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato zotha zija. Kenaka anamukokera pafupi n'kuyamba kumuchotsa timinga tija kamodzikamodzi, monga ankachitira ali wamng'ono.

"Vula tayiyo, mwana wanga," anatero. "Khala pansi udye."