Bambo anga sanaphonyepo ng'oma

Pali munthu pa Phalombe boma amene ndikufuna kumuthyola zala. Ali ndi kashopu kojambula mavidiyo kuseri kwa msika. Dzina sinditchula, akudzidziwa. Dzino limene likusowa mkamwa mwake ndinachotsa ndine, ndipo sindikupepesa.

Ine ndine mayi wa ku Nkhulambe, ndimagulitsa nandolo. Bambo anga ndi munthu wa tchopa, funsani aliyense kwathu. Akalowa m'bwalo, zikopa kumsana, mangenjeza m'miyendo, oimba ng'oma ndi amene ankayamba kutopa. Chaka chatha tinamanga chiliza cha mayi anga, ndipo bambo anati avina komaliza. Ndinapalasa njinga mpaka ku boma kukaitana munthuyu kuti adzajambule. Anabwera atamanga tayi, anadya nkhuku yathu, analandira malipiro ake onse tsiku lomwelo. Anati sidi ituluka Lachisanu.

Lachisanu lakelo linatenga miyezi itatu. Mkati mwa miyeziyo bambo anagwa kumunda. Sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, mawu anayamba kutuluka movutikira. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ankandifunsa ndikamawasambitsa: “Kanema uja wabwera?”

Tsiku limene sidi inabwera ndinabwereka TV, deki ndi batire kwa aphunzitsi a kusekondale. Nyumba inadzaza. Bambo tinawakhazika patsogolo, titawatsamiritsa pathumba la chimanga. Koyambirira zonse zinali bwino. Abusa akupemphera, mlomo ndi mawu zikuyendera limodzi. Koma kanema akamapita, mawu anayamba kutsalira pang'onopang'ono. Pofika pa tchopa, zinthu zinali zitatayana.

Bambo aja akulowa m'bwalo. Phazi lagunda pansi, fumbi labuka, koma zii. Phazi ladzuka, ndiye ng'oma ikulira. Akutembenuka, ng'oma idakali m'mbuyo. Ankaoneka ngati chidakwa chimene chalowerera gule wa eni. Ndipo katswiri wathu wa tayi sanalozeko kamera kwa oimba ng'oma ngakhale kamodzi, kuti mwina manja awo akanatiikira umboni. Akachoka pa bambo ankajambula atsikana ophika.

Wina kumbuyo anaseka. Bambo sanatembenuke. Anayang'ana TV mpaka gule kutha, kenako anandifunsa, “Ndinkavina chonchi?”

Ndinati ayi ababa, ndi makina alakwitsa.

“Makina sanama,” anatero. “Ndiye kuti matendawa anali atayamba kale. M'manja munkandiombera muja, chinali chisoni?”

Kuchokera tsiku limenelo safuna kutulutsidwa panja. Mangenjeza awo anandiuza kuti ndikataye kuchimbudzi. Mtima wanga unapsa, ndipo mpaka lero sunazizire.

Aphunzitsi aja anandifotokozera kuti vutoli si lachilendo. Limachitika posamutsa kanema kuchoka pa tepi kupita mu kompyuta. Anati wodziwa ntchito amangokokera mawuwo kuti afanane ndi chithunzi, kapena kusamutsanso kuchokera pa tepi yoyambirira. Ntchito yosakwana ndi tsiku lomwe.

Lolemba m'mawa ndinali pakhomo pa shopu. Munthu uja anati vuto ndi deki yakumudzi. Ndinamuuza aike mu deki yake ya m'tauniyo. Anaika. Phazi patsogolo, ng'oma pambuyo. Ndiye anati kompyuta yagwidwa ndi vayirasi, ndibwere sabata yamawa. Sabata yamawayo ndinapeza loko. Ulendo wotsatira anati tepi ili ku Blantyre. Ikukatani ku Blantyre, ikukafuna ntchito? Kenako anandilangiza kuti ndizingochepetsa voliyumu poonera. Tchopa wopanda ng'oma! Inu munadyapo ndiwo zoti mchere wake ubwera mawa?

Ulendo womaliza ndinamupeza akudya chipisi, miyendo ili patebulo. Sanadzuke n'komwe.

“Madamu, mwandikwana,” anatero. “Fayilo ija ndaicheka, ilibe vuto. Madala aja ndi okalamba. Mwina ndi iwowo ankaphonya sitepe.”

Pampu ya njinga inali m'manja mwanga. Sindinaganize kawiri. Yoyamba inatera pakamwa. Yachiwiri pamsana, akuthawira kuseri kwa kauntala. Ndinamugwira tayi yomwe ija n'kumukokera panja, chipisi chili mbwee pansi, iye akukuwa kuti amayi ndikhululukireni. Pamenepo ndinasanduka amayi, umadamu unatha. Anamulanditsa ndi amuna atatu ogulitsa matemba. Akanachedwa, bwenzi tikukamba za maliro. Kupolisi ndinakhalako mpaka dzuwa kupendeka, ndipo atandifunsa ngati ndikumva chisoni ndinati inde, pampu yanga yapindika.

Musaganize kuti sindinayese njira zina. Ndinakatenga a Mukhito, amene akhala akuimbira bambo ng'oma kuyambira ali anyamata. Tinabwerekanso TV ija, tinatseka voliyumu, iwo n'kukhala pambali ndi ng'oma yawo. Maso pa TV, manja pachikopa. Phazi likagunda, ng'oma yagunda. Zinagwirana bwinobwino mpaka ine misozi inatsika. Ndinati basi, bambo achira mtima.

Bambo anakweza dzanja lamoyo lija kuti asiye.

“Mukhito, usandipusitse,” anatero. “Apa ng'oma ikutsata mwendo. Ine ndikufuna ndione mwendo wanga ukutsata ng'oma ya tsiku lija.”

A Mukhito ananyamula ng'oma yawo n'kutuluka osatsanzika. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akulira.

Ndiye iwe wa tayi, tamvera. Ndamva mphekesera yoti matepi ukatha nawo umajambulirapo maukwati ena kuti usagule atsopano. Upemphere kuti ikhale bodza. Ndalama sindikuzifuna, kadye. Kupepesa kwako sindikukufuna. Ndikufuna tepi ya chiliza cha mayi anga, ndipo mawu ndi chithunzi zigwirane monga zinalili m'bwalo. Ngati ntchitoyo yakukanika, nena, ndikaipereke kwa anzako odziwa.

Inu a ku Nkhulambe, a ku Migowi, a kunyanja, mukaona munthu wa tayi wopanda dzino lakutsogolo atanyamula kamera pamwambo wanu, mulandeni mbale ya nkhuku, mumuonetse njira.

Bambo anga tsopano akudya pang'ono, ndipo a kuchipatala sakundilonjeza zambiri. Munthu amene sanaphonyepo ng'oma moyo wake wonse wagona chafufumimba m'nyumba, akukhulupirira kuti mudzi wonse unkamunamiza. Akapita asanaone tepi ija, pochoka kumanda sindidzalowa m'nyumba. Ndidzabwera kushopu kwako, iwe wa tayi, ndi matope a kumanda kumapazi, ndipo chimene ndidzatenge si pampu.