Kachilombo ka Mkazi wa Jeremiya

"Munthu mmenye, apola. Kompyuta uzingoiuzira."

Amatero a Esau a kwa Kaluluma, chala chili m'mwamba ngati mlaliki, mlomo wam'munsi atautulutsa chonchi, mawu akudzera m'mphuno. Anyamata a pa chiwaya cha tchipisi amawayeserera mpaka lero. Wina akagwetsa foni, mnzake amati, "Iuzire, achimwene, iuzire," onse n'kufa nazo. Koma asanaseke amayamba asuzumira kumsewu, chifukwa theka loyamba la mwambi wawowo a Esau amalitsata ndi mtima wonse.

Ndi munthu wamfupi, wotambalala ngati belo la fodya, manja ngati makasu. Amalima fodya wa bale, ndipo fodya wawo amakhala wabwino, koma chomwe amadziwika nacho ndi chibakera. Mwini mbuzi zomwe zinadya nazale yawo anamuthyola nthiti. Wakabaza yemwe anawathira matope anamuponya m'dambo pamodzi ndi njinga yake, pasenjala ali pompo. Wayilesi ikayamba kukhosomola amaichiza ndi khofi. Ng'ombe za pangolo zikangomva kutsokomola kwawo zimayamba kuyenda zokha.

Chinthu chimodzi chokha pakhomo pawo sichinalaweko dzanja lawo, ndicho kompyuta.

Ndi yakalekale, yachibokosi, yolira ngati chigayo chakutali. Inali ya mwana wawo Success, yemwe anapita ku Joni kukafuna ntchito. Achifwamba anamubaya kumeneko chifukwa cha foni. Anabwera m'bokosi, pa kalavani yokokedwa ndi minibasi, pamodzi ndi chikwama cha zovala ndi kompyutayo. Maliro atatha, atakaiyatsitsa, anapeza kuti mwanayo alimo. Ankadzijambula mavidiyo: akuphika, akuvina, akuloza pawindo kuti, "Adadi, onani mvula ya kuno, ilibe ulemu," kenako n'kuseka mano onse pamtunda. Chiyambire pamenepo, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Esau ndi akazi awo a Feggie amatseka chitseko, n'kukhala pansi kucheza ndi mwana wawo.

Ndiye kasamalidwe kake muone. Anaimangira kachiunda ka njerwa kuti chiswe chisaifike. Imafunda chitenje chatsopano pomwe a Feggie akufunda chakale. Nyengo yosankha fodya, fumbi lija lotiyetsemulitsa tonse likachuluka, amaitulutsira pakhonde, kumasula chivundikiro ndi kampeni, n'kumaipopa ndi pampu ya njinga, fuu, fuu, mpaka kafani kam'kati kasiye kulira. Mphemvu ikapezeka m'menemo imaweruzidwa pomwepo ndi chala chachikulu. Mitambo ikangoda cha ku Chimaliro amasiya khasu pamzere, liwiro kukazula chingwe ku batire ya sola kuopa mphenzi. Pozimitsa samangozula ayi, amadikira igone yokha, iwo ataimirira pambali ngati mlonda. Pasiwedi anaikapo, koma poilemba ndi chala chimodzi amatchula chilembo chilichonse mokweza, moti ndi nkhuku zomwe za pakhomopo zimaidziwa.

Zambiri mwa izi anawaphunzitsa ndi Che Usumani, a golosale pa tireding'i, amenenso amakonza mafoni kuseri kwa kauntala. Iwowa ndi amene anawauza kuti mwezi ukatha aziibweretsa kudzabayitsa katemera wa makompyuta, komanso kuti fulashi ya munthu wina isadzalowemo ngakhale atabwera nayo ndi abusa. Lamulo limenelo a Esau analikhwimitsa kuposa Malamulo Khumi. Mphwawo wina anangoonetsa fulashi pakhomo, khutu lake mpaka lero limamva mbali imodzi.

Chaka chatha, fodya atawachulukira, katemera uja anamudumphitsa. Kenako anakwera lole ndi mabelo awo kupita ku okushoni ku Chinkhoma, n'kugonerako.

Kunyumba kunafika a Consolata, akazi a Jeremiya, oyandikana nawo nyumba. Mayi ameneyu ndiye amatsogolera kwaya ku Katolika, mawu ake amamveka mpaka kudimba. Anabwera ndi kafulashi kofiira kapakhosi, komangirira ulusi, muli nyimbo zoti akaphunzitse anzawo.

"Amake Success, tingomvako imodzi. Abambo sadziwa."

"Adzandipha ine."

"Adzadziwa bwanji? Kompyuta imayankhula?"

A Feggie anafundukula chitenje, analemba pasiwedi ija ya nkhuku, nyimbo zinalira, amayi awiri anavina mpaka thukuta. Anafunditsanso bwinobwino ngati palibe chachitika.

Lamulungu a Esau ali pakhomo. Atseka chitseko, ayatsa, atsegula pomwe pamakhala Success. Mulibe. Tangotsala tizithunzi toyera tokhala ndi kamuvi pakona, ukatidina palibe chotuluka. Anadina, anadinanso. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

"Feggie, mwana ali kuti?"

A Feggie anagwada n'kuulula zonse. Pajatu a Esau, ndi ukali wawo wonsewo, mkazi wawo sanamukhudzepo chikwatiranireni, zimalipira ndi zitseko. Chibakera chimodzi, chitseko cha kuchipinda chinang'ambika pakati. Chachiwiri chinagwera mtsuko, madzi mbwee pansi. Kenako anapukuta magazi a m'manja pa thalauza, ananyamula kompyuta mwaulemu ngati khanda lodwala, anaimanga pa njinga ndi malegeni, ulendo kwa Che Usumani, poti Msilamu Lamulungu amatsegula.

Che Usumani anayang'ana pang'ono n'kupukusa mutu.

"Iyi ndi vayirasi, bambo."

"Yankhulani Chichewa."

"Kachilombo. Kalowa ndi fulashi ija ndinkakuletsani."

"Mwana wanga alimo kapena kamudya?"

"Sindingalonjeze. Nthawi zina kamangobisa, nthawi zina kamawononga. Batire yanga yatha ndipo magetsi angothima kumene. Mubwere nayo mawa. Musaiyatsenso, ndipo isagwe pansi, chifukwa ikagwa ndiye basi, ngakhale ine sindingamupeze."

A Esau anatuluka maso ali psu. Panja anthu anali bii, Lamulungu masana, ena pa bawo, ena pa chiwaya. Wina wopanda mantha anafunsa, "Kwagwanji, a Esau?"

Iwo anaima pakati pa msewu, anakoka mpweya, n'kubangula kuti tireding'i yonse imve.

"Mkazi wa Jeremiya wandipatsa kachilombo. M'nyumba mwanga momwe."

Wokazinga tchipisi anasiya chipande m'mafuta. Nkhomo za bawo zinaima m'manja. Pajatu kwathu kuno ukati munthu wakupatsa kachilombo, palibe amaganiza za kompyuta. A Esau sanaone chilichonse, anakwera njinga n'kumapalasa pang'onopang'ono kuzemba mabampu. Nkhani ndiye inakwera njinga yamoto, inawapitirira panjira, n'kukafika kumudzi iwo asanawoloke ndi dambo lomwe.

A Jeremiya ndi munthu wamtali, wofatsa, wochokera chakumpoto, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Tsikulo, ngakhale linali Lamulungu, ankadinda fodya mobisa kuseri kwa chigafa. Nkhani ija inawapeza komweko. Anangosolola chitsulo chopukusira jeke n'kuuyamba.

Anawapeza a Esau atangotsitsa kompyuta pakhonde, akuiwongolera chitenje.

"Esau, zimene wanena pa tireding'i ndi zoona?"

"Zoona. Ndipo ndimafuna ndikupeze."

"Liti?"

"Lachinayi. Masanasana."

"Kuti?"

"Pabalaza panga pomwe. Feggie ndi amene anamutsegulira, mpaka nyimbo anaika."

A Jeremiya anasendera pafupi. "Ndipo ukunena wopanda manyazi."

"Manyazi achite ndi mkazi wako. Amayenda nako m'khosi mudzi wonse, kulowa nako nyumba iyi, kulowa nyumba iyo. Anthu angati wawapatsa?"

Chichewa chinawathera a Jeremiya, chinatuluka Chitumbuka. "Nikukomenge," ndiko kuti ndikupha.

Chitsulo chinadza cha m'mutu. A Esau anazinda, chinaphwanya nsanamira ya khonde, udzu n'kugwa. Iwo anabweza chibakera cha pamphuno, magazi tsaa pa malaya a a Jeremiya. Anagwirana, anagubuduzana pabwalo, anagwetsa thandala la mbale, nkhuku balala. A Jeremiya analuma khutu. A Esau anawanyamula mwendo ndi lamba n'kuwabwanyula pa ngolo, mpaka ng'ombe m'khola zinalira. Anthu anali atadzaza kale, koma wolanditsa panalibe, aliyense nthiti zake amazikonda. A Feggie ankakuwa kuti, "Ndi za kompyuta, ndi za kompyuta," koma pa phokoso limenelo amamva ndani? Anathamanga kukaitana a Consolata kutchalitchi komwe ankaphunzitsa kwaya.

Kunena zoona, ndewuyo a Esau anali atapambana. A Jeremiya anali chagada, diso limodzi litatsekeka. Koma pogwapo anagwera pafupi ndi chitsulo chawo chija. Anachitola, anadzuka mwa dzandidzandi, ndipo poona kuti munthuyu samugonjetsa, maso awo anagwera pa chinthu chofunda chitenje pakhonde.

"Wandiphwanyira banja. Nanenso ndikuphwanyira chako."

Apa ndi pomwe anthu anaona zomwe sanaonepo. A Esau, omwe sanathawepo chibakera cha munthu, anatsitsa manja. Anadumpha ngati chule n'kugwa chafufumimba pamwamba pa kompyuta, kuikumbatira, mawondo ndi zigongono zili pansi kuti thupi lawo lisaipsinje. Chitsulo chinatera pamsana, phi. Sanasunthe. Chinateranso paphewa, fupa linamveka kulira. Sanabweze. Anangotembenuza nkhope n'kunena kuti, "Menya ine, Jeremiya. Muli mwana umu." Chachitatu chinawapeza pakamwa pomwepo. Mano akutsogolo anagwera pa chitenje, magazi akutsatira.

A Jeremiya anakwezanso chitsulo, koma dzanja linagwidwa kumbuyo. Anali a Consolata, ali wefuwefu, yunifolomu ya kwaya ili m'thupi. Anavula kafulashi kofiira m'khosi n'kukaika pamphuno yothyoka ya amuna awo.

"Kachilombo kake ndi aka. Kali umu. Kalowa m'makinamo, osati mwa munthu."

A Jeremiya anayang'ana kafulashi, anayang'ana a Esau, anayang'ana anthu. Chitsulo chinagwa chokha.

"Nanga bwanji sananene kuti fulashi?"

"Inu munafunsa? Zaka zonsezi ndakhala nanu, mwamva mawu amodzi a pa chiwaya, mwathamangira chitsulo. Ndipo kakanakhala kenikeniko, mukanachiza ndi jeke? Anzathu angati ali nako, akumwa mankhwala, akulima fodya kuposa inu?" Kenako anatembenukira pansi pomwe panali a Esau. "Inunso bambo a Success, pakamwa ngati chitseko cha chigafa. Dzina langa mwalipaka matope pa tireding'i. Mukalitsuka komweko."

A Esau analavula magazi. Chomwe anafunsa n'chakuti, "Yagunda pansi?"

Sinagunde.

M'mawa mwake anapita pa ngolo, poti njinga sakanatha kupalasa. A Jeremiya ndiwo ankayendetsa ng'ombe, diso lili ngati tomato. A Esau anakhala kumbuyo, mkono uli m'chitenje, kompyuta ili pamiyendo. Asanapite kuchipatala anayamba kwa Che Usumani. Koma a Consolata anawaimitsa pakati pa msewu, pamalo pomwe anabangulira dzulo lake, n'kuwapatsa kafulashi kuti akakweze m'mwamba. Ndiye tamverani munthu wopanda mano akupepesa.

"Anthuni, kachilombo ndimanena kaja n'ka fulafi. Mayi Confolata alibe mlandu."

Palibe anaseka pamaso pawo. Tinakasekera kuseri kwa chigayo.

Che Usumani anailumikiza, anabaya katemera watsopano, anasesa kachilomboko, kenako anayamba kufukula zomwe kanabisa. A Esau anangoima chilili, magazi akuuma pachibwano. Mwadzidzidzi m'golosale monse munamveka, "Adadi, onani mvula ya kuno, ilibe ulemu," ndi kuseka kuja. A Esau anakhala pansi pa thumba la mchere n'kuphimba nkhope ndi dzanja lomwe linatsala. A Jeremiya anatuluka panja, akuti kukaona ng'ombe.

Tsiku lomwelo Che Usumani anakopera Success yense mu fulashi yatsopano, yoti sinalowepo kwina kulikonse, n'kuwauza kuti kompyuta yakalamba, tsiku lina idzagona osadzuka. Fulashiyo imakhala m'chitini, m'sutikesi ya a Feggie, pansi pa zovala za kutchalitchi. Pasiwedi anasintha, ndipo masiku ano amailemba chamumtima, kaya ndi nzeru kaya ndi chifukwa zilembo zina sizitulukanso bwino pakamwa. Katemera sadumphitsanso, fodya achuluke bwanji. Phewa lija linapola mokhota, moti pampu amawapopera ndi a Jeremiya, iwo atagwira chibokosi n'kumalamula, "Pang'onopang'ono, si tayala ili."

Kumenya anthu sanasiyiretu, tisanamizane. Mwezi wathawu wogula fodya wa mavenda anathawa kusiya sikelo.

Tsiku lina akudutsa pa chiwaya, kompyuta ili pambuyo pa njinga, wokazinga tchipisi analimba mtima, atayamba waonetsetsa kuti chiwaya chili pakati pawo.

"A Esau, chimanga chokazinga chatuluka. Mano aja simuwasowa? Mumaseka ndi chiyani masiku ano?"

A Esau anatsika njinga, anayang'ana ngati malegeni ali bwino, n'kuyankha.

"Wosekera alipo kwathu. Fuccess amaseka ndi ake onse, Lamulungu lililonse."