Funso limene sindinamufunse Dailesi

"Imwe batate bake Dailesi, munamufunsapo mwana wanu chamene anasiyila nchito kuja?"

Anakuwa choncho mkazi wanga, ine chala chili m'mwamba ngati ndili pamsonkhano wachipani. Pawailesi mtsikana wina wa kuno ku Kanyama ankanena kuti khansala wathu anamutsekera mu ofesi n'kumugwiragwira. Ine ndinali nditamenya tebulo: "Hule uyo! Bamulipila ba opozishoni!" Komatu chaka chatha, wa chipani china atamveka ndi nkhani yomweyi, ndine ndinkafuula pasiteshoni ya minibasi kuti amangidwe.

Dailesi, mwana wanga woyamba, anagwirapo ntchito mu ofesi imeneyo. Ndinamupezera ndine, ndipo atasiya ndinamunena kuti ndi waulesi. Tsiku la wailesilo iye anangoika supuni pansi n'kulowa kuchipinda.

M'mawa mwake ndinamatula chithunzi cha khansala pachitseko. Sindinaching'ambe ayi, ndinachipinda bwinobwino n'kuchiika pansi pa matiresi. Kenako ndinagogoda kwa Dailesi, funso lili pakamwa. Anatsegula chitseko, maso atatupa, akudikira.

Ine, bambo wamkulu wamakani, ndinati: "Mami, waonako chaja yanga?"