Mayi Simbi ndi Mafunso Osayankhidwa

Amene mumabwera Misa yoyamba mwakhala mukuona nsalu za paguwa zopanda khwinya kwa zaka makumi atatu, ndipo ambiri simunafunsepo kuti amasita ndani. Ankasita ndi Mayi Simbi, amene tinawaika m'manda miyezi itatu yapitayo. Dzinali anawapatsa ndi ana a kwaya chifukwa sankaoneka opanda simbi m'manja, ndipo linamera mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa khadi la ubatizo. Mbiri yawo si yaitali, komanso si yokoma kumva. Ndi iyi.

Anabadwa achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo okonzera galimoto kumene bambo awo ankagwira ntchito. Sukulu anailekera m'kalasi yachitatu, chaka chimene mayi awo anamwalira pobereka mwana womaliza, wamwamuna. Panafunika wolera khandalo, ndipo palibe anafunsa ngati iwo akufuna. Kuwerenga anakapitiriza okha m'buku la nyimbo, chala chikutsata mzere anthu akuimba. Mpaka ukalamba ankawerenga milomo ikugwedera.

Atasinkhuka analembedwa ntchito kochapira zovala pachipatala china, m'chipinda chapansi chopanda zenera, chodzaza nthunzi ndi fungo la sopo. Anakhalamo zaka makumi atatu ndi zinayi. Banja analowapo, koma mwana sanabwere, ndipo mwamunayo atatopa kudikira analongedza sutikesi n'kupita kwa wina. Mayi Simbi anamusitira malaya onse asananyamuke. Amayi anzawo atawadzudzula, anangoti, "Ndiye akanapita ndi makwinya?" M'mawa uliwonse ankayamba kaye agwada pa benchi lachitatu kumanzere, kenako kuntchito. Bodza sankalifuna ngakhale la nthabwala. Ukawafunsa ngati diresi lakukhala, umayenera kulimba mtima.

Mchimwene wawo analera uja anakula, anakwatira, anabereka mtsikana mmodzi, kenako anafa pangozi ya basi. Mkazi wake, wosoka matumba m'fakitale, anasamukira kwa alamu akewo pamodzi ndi mwanayo. Mtsikanayo anali ndi mutu. Ankafuna za udokotala, choncho azakhali ake ankamutcha Adokotala kuyambira asanathe kumanga zingwe za nsapato. Atamaliza sekondale panatsala chipata chimodzi: mayeso olowera kukoleji. Maola atatu, mafunso zana limodzi, funso lililonse mayankho anayi, iwe n'kudetsa ndi pensulo kabokosi ka A, B, C kapena D. Munthu ankaloledwa kulemba kawiri kokha.

Nthawi imeneyo Mayi Simbi anali atapuma ntchito, miyendo itayamba kutupa. Anapita kwa mphunzitsi wina wokalamba wa m'kwaya kukapempha mapepala a mayeso akale ndi mayankho ake. Anabwera nawo okhwinyata, ena opindika ngodya. Anawawongola limodzilimodzi ndi simbi yofunda pang'ono, atayala kansalu pamwamba. Mafunsowo sankamvapo ngakhale limodzi. Koma A, B, C ndi D ankawadziwa, wotchi ankaidziwanso. Ndiye masana aliwonse tebulo lositira linkasanduka desiki, wotchi pakati, ndipo maola atatu akakwana iwo ankatenga pepala la mayankho n'kuyamba kuchonga.

"Nambala seveni, Adokotala?"

"C."

"Mwakhoza. Eyiti?"

"B."

"Mwakhozanso. Limeneli munakhalapo nthawi yaitali. Mwadziwa bwanji?"

"Limenelo ndangolota, azakhali."

Mayi Simbi anavula magalasi. "Wangolota."

"Aphunzitsi amati tisamasiye malo. Ukalakwa sakuchotsera kanthu."

"Ukadetsa kabokosi ukumuuza wochongayo kuti ukudziwa. Ukudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye wamunamiza. Fufuta."

Mtsikanayo anaseka poyesa nthabwala. Azakhali ake sanaseke.

"Ine ndachapa nsalu za anthu amene anafa chifukwa wina wovala zoyera analota," anatero. "Mwana wa m'nyumba ino sakayamba udokotala ndi bodza."

Kuyambira tsiku limenelo, yankho lililonse lolondola linkatsatidwa ndi funso lomwelo: wadziwa bwanji? Mtsikanayo ankafotokoza za magazi, za mpweya ndi za masamu kwa munthu amene sankamvapo kanthu, koma amene ankamva mawu akanjenjemera. Akangodzandira, labala. Pa miyezi isanu ndi itatu anatha malabala atatu. Mayi wa mtsikanayo, pofika kuchokera kufakitale ulusi uli m'tsitsi, anayankhulapo kamodzi.

"Alamu, musiyeni mwana alembe mmene anzake akulembera."

"Anzakewo ali ndi azakhali awo."

Mayiyo analibe mphamvu zokangana. Anavula nsapato n'kukatereka madzi.

Mayeso atalembedwa, mayina a okhoza anamatidwa pa chitseko cha galasi cha kukoleji. Mtsikanayo anawerenga katatu kuchokera pamwamba mpaka pansi. Lake panalibe. Kapepala kamene anampatsa muofesi kanati waperewera malikisi atatu, ndipo mafunso khumi ndi asanu ndi anayi anawasiya osayankha. Mphunzitsi wa m'kwaya uja ataona anagwira mutu. Anati ngakhale mwana wakhanda atampatsa pensulo kuti adetse chisawawa, pa mafunso ochuluka chonchowo akanakhozapo anayi kapena asanu.

Mayi wa mtsikanayo anawapeza Mayi Simbi ataimirira patebulo lawo lija.

"Alamu, chilungamo chanuchi tichiphika ndi chiyani? Ine maso akuthera pa makina kuti mwana uyu asadzalowe m'mene ndikulowamo. Inu mwamutsekera chitseko ndi labala."

Dzanja la Mayi Simbi linaima. Simbi inakhala pamalo amodzi mpaka nsalu inanunkha. Pa moyo wawo wonse, aka kanali koyamba kupsereza chovala.

M'mawa mwake Misa itatha anatsatira wansembe m'chipinda chovalira.

"Bambo, kulota pamayeso ndi tchimo?"

Wansembeyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope yawo analeka. "Ayi, mayi. Okonza mayesowo amadziwa kuti ana amalota, ndipo amalola. Palibe amene akunamizidwa."

"Ndiye ndamulanda mwana wamasiye chaka popanda chifukwa."

"Mtima wanu unali wabwino."

"Mtimawo sanauchonge, Bambo."

Anakafika kunyumba naitana mtsikanayo, mayi ake ali pomwepo. Ananena ataimirira. "Ndinalakwa. Undikhululukire. Ulendo uno udzaze zonse, chodziwa ndi chosadziwa chomwe." Labala wotsalayo anamutsekera m'kachitini ka singano.

Chaka chachiwiri chinali cholemera. Mtima unayamba kuwavuta, mpweya unkabanika, ndipo masitepe atatu a pakhomo la tchalitchi anasanduka phiri. Ankachonga mapepala ali pabedi, atatsamira mapilo awiri. Funso lija sanalifunsenso, ngakhale nthawi zina milomo inkayamba yokha n'kuitseka. Mtsikanayo sankasekanso akamutcha Adokotala. Anzake anali atapita kukoleji, ndipo akabwera kutchuthi iye ankadzera msewu wina. Mayi Simbi ankaona zonsezi pawindo. Sanapemphe kuchira ngakhale kamodzi. Ankangopempha kuti cholakwa chawo chisagwere mwana. Anauza mayi wina wa m'gulu lawo la mapemphero kuti masiku amenewo kupemphera kunkakhala ngati kusita ndi simbi yozizira, dzanja likuyenda koma khwinya lili pomwepo. Komabe kolona sanamusiye.

Tsiku la mayeso achiwiri analephera kudzuka. Bulauzi ya mtsikanayo anali ataisita dzulo lake ali chikhalire, thabwa lili pamiyendo. Tsiku lonse anayang'anitsitsa wotchi ija, ndipo maola atatu atakwana anati, "Aika mapensulo pansi tsopano." Mtsikanayo anafika dzuwa likadali pamwamba, nakhala m'mphepete mwa bedi.

"Zinali bwanji, Adokotala?"

"Zinali bwino, azakhali."

"Unadzaza zonse?"

"Zonse."

Mayi Simbi anamuyang'ana nthawi yaitali. Khutu lija linkamva mawu akanjenjemera linali lisanafe. Chimene anamva sananene. Anangomugwira dzanja n'kuti, "Ambuye alemekezeke," kenako anapempha madzi.

Anamwalira Lachisanu m'mawa, atalandira Ukaristia, kolona ali m'manja, alamu awo ndi mtsikanayo ali pambali. Sanavutike. Nkhope yawo inali yosalala ngati ya munthu amene wamaliza mtolo wa tsikulo.

Patapita milungu inayi mayina anamatidwanso pa chitseko cha galasi. Lake panalibe. Anaperewera malikisi awiri, ndipo mafunso khumi ndi limodzi anali osayankhidwa. Mayi ake anakhala pansi m'khitchini, kapepalako kali m'manja.

"Si anakuuza okha kuti udzaze?"

"Dzanja linkakana, amayi. Ndikati ndidetse, ndinkamva akundifunsa kuti wadziwa bwanji."

"Nanga bwanji unawauza kuti zonse?"

"Mukanafuna apite akudziwa?"

Mtsikanayo ndiye walola kuti izi zilembedwe. Akuti bodza limodzi lija lamukwanira.

Mwayi wachitatu kulibe. Mwezi wathawu anayamba ntchito kochapira zovala kuja, m'chipinda chapansi chomwe chija, ndipo akuluakulu a kumeneko akuti dzanja lake ndi la azakhali ake. Mayi ake akusokabe matumba.

Mbiri zotere zimatha ndi chitsanzo choti titengere, ndipo chilipo. Mayi Simbi analera ana a ena, anatumikira guwa zaka makumi atatu osatchulidwa, sananame, ndipo atalakwa anapepesa kwa mwana ataimirira, zimene akuluakulu ambiri sitichita. Koma tisanamizane kuti zinatha bwino. Iwo sakanalola.

Mukabwera Lamulungu likudzali, yang'anani nsalu ya paguwa. Ilibe khwinya. Amene wasitayo amakhala pa benchi lachitatu kumanzere. Mupempherereni, pamodzi ndi mzimu wa azakhali ake, ndipo mukakumana naye pakhomo musamutche Adokotala.